Nyanja ikatsekedwa pa Chipoka, amalipira ndani?

Chaka chilichonse pa 1 Novembala, nthambi ya boma yoona za usodzi imalengeza kuti nyanja ya Malawi yatsekedwa kwa asodzi a makoka kufikira pa 31 Disembala. Uthengawu umaulutsidwa pa wailesi, umalembedwa m'nyuzipepala, ndipo alangizi a zausodzi amakautula kwa makomiti a m'madoko. Pa Chipoka, m'dera la mfumu Ndindi m'boma la Salima, tanthauzo lake ndi lachidule: khoka lipindidwe, ndipo alovi amene amalikoka akapeze kwina kodyera. Izi zimagwa m'miyezi imene chimanga chayamba kutha m'nkhokwe, feteleza akufunika kumunda, ndipo mvula yoyamba ili pafupi.

Cholinga cha lamuloli palibe angachitsutse. Iyi ndi nyengo imene chambo chimaswana, ndipo nsomba yosiyidwa kuti iswane ndiyo ndiwo ya chaka chamawa. Koma nyanja yakhala ikutsekedwa chotere kwa zaka makumimakumi, chambo osabwerera. Mpake kufunsa ngati lamuloli limafikira onse amene akuononga nsombazi, kapena limangogwera msodzi wa kugombe chifukwa ndiye wosavuta kumugwira.

Ndiwo ya alendo ikusowa kwawo

Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa M5 kumathero a sabata amadziwa mmene zimakhalira. Anyamata amaima m'mbali mwa msewu atakweza nsomba m'mwamba, galimoto za anthu ochokera ku Lilongwe zimaima, mtengo umakambidwa, kenaka nsombazo zimamangiriridwa pagalasi la m'mbali kuti zipitidwe mphepo mpaka kutauni. Kwa mlendo wofika ku Salima, ulendo wakunyanja sutha bwino asanadye chambo chootcha kapena chokazinga ndi nsima, kapena ndi mpunga wa ku Lifuwu. Malo ogona alendo ku Senga Bay amadziwa kuti mbale imeneyi ndi imodzi mwa zinthu zimene zimakoka anthu.

Komabe chambo chachikulu cha m'nyanja chasanduka ndiwo ya anthu a ndalama. Mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja momwemo amadya usipa, bonya ndi utaka, ndipo zikavuta amakhutira ndi masamba. Zina mwa nsomba zimene zimagulitsidwa m'mizinda ndi dzina la chambo ndi zoweta m'makola a pamadzi ku Mangochi kapena m'maiwe, pomwe zina zimachokera ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970, Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zolemera pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka. Pofika m'zaka za m'ma 2000, muyezowo unali utatsika kufika pansi pa makilogalamu 6. Unadzakweranso pambuyo pake chifukwa cha usipa, umene tsopano umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Kuchuluka kwa usipa kumabisa vuto: matani a nsomba amaoneka ambiri m'malipoti a boma, pomwe nsomba zikuluzikulu zikutha.

Mu Novembala 2018, bungwe la IUCN, lomwe limasunga kaundula wa zamoyo zimene zili pachiopsezo pa dziko lonse, linalengeza zotsatira za kauniuni wa mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Linapeza kuti mitundu 9 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu, ndipo mitundu itatu ya chambo, yomwe akatswiri amaitcha Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, inaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Chenjezoli silinali lachilendo. Katswiri wa ku Britain, Rosemary Lowe, anafufuza za chambo kumwera kwa nyanjayi pakati pa 1945 ndi 1947, ndipo kuyambira nthawi imeneyo nkhani ya kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yoswana yakhala ili m'mabuku a boma.

Chimene chimachititsa chambo kukhala chosavuta kutha ndi kaswanidwe kake. Chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pamchenga, m'madzi osazama kwambiri. Chachikazi chikaikira mazira, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawirabe m'kamwamo tikaona choopsa. Kenaka timakakulira m'mabango ndi m'maudzu a m'mphepete mwa nyanja, momwe anthu amatitcha kasawala. Chambo chimatenga pafupifupi zaka 3 kuti chiyambe kuswana, pomwe usipa umakula ndi kuswana m'chaka chimodzi. Choncho khoka limodzi lokokedwa pamchenga nthawi yolakwika limafafaniza zisa, limagwira mayi ali ndi mazira m'kamwa, n'kukokoloranso kasawala wa chaka chatha.

Palinso mipata iwiri m'malamulo enieniwo. Mitundu ya chambo siiswana mwezi umodzi: ina imayamba Novembala asanafike, ina imapitiriza mpaka mu Febuluwale. Miyezi iwiri yotseka imangoteteza chigawo cha nyengoyo. Chachiwiri, lamulo limalola kugwira chambo chotalika masentimita 15, chikhalirecho mitundu ya m'nyanja yaikuluyi imayamba kuswana itapitirira masentimita 20. Msodzi angathe kutsata lamulo bwinobwino koma akugwira nsomba yomwe sinaswepo n'kamodzi komwe.

Komwe njira imeneyi imathera kukuoneka kale ku nyanja ya Malombe ku Mangochi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, Malombe ankatulutsa matani masauzande angapo a chambo pa chaka. Patangotha zaka khumi ndi zingapo, anali matani mazana ochepa chabe, ndipo asodzi anatembenukira ku kambuzi. Mpaka lero chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale.

Wogwidwa ndi wosagwidwa

Nyanja ikatsekedwa, mwini khoka amakhala ndi pothawira. Ambiri ali ndi chilimira, sitolo kapena munda waukulu. Amene amagwa m'mavuto ndi alovi, omwe malipiro awo ndi gawo la nsomba za tsikulo, komanso amayi amene amagula nsomba padoko kuti akayanike pathandala, akafutse kapena akawambe. Kwa anthu awa, tsiku lopanda nsomba ndi tsiku lopanda ufa. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 338,000 m'boma la Salima, ndipo wa 2018 anapeza oposa 478,000. Minda sinakule, mafakitale olemba anthu ambiri ndi ochepa, ndipo nyanja ndiyo ntchito imene mnyamata angayambe mawa popanda satifiketi.

Mpamene masikito amalowera. Neti yoperekedwa kuchipatala kuti iteteze mwana ku malungo imasokedwa pamodzi ndi inzake n'kukhala khoka losasiya kanthu. Maukonde a monofilament, omwe ndi oletsedwa, ndi otsika mtengo, ndipo akang'ambika n'kutayidwa m'madzi amapitiriza kukola nsomba popanda wozivuula. Zida izi n'zoononga ndithu, ndipo kuzilanda n'koyenera. Koma chithunzi cha maukonde olandidwa akutenthedwa pamchenga, chomwe chimatuluka m'nyuzipepala chaka ndi chaka, chimapereka maganizo akuti vuto lonse ndi munthu wa bwato. Sizili choncho.

Chipoka chili pakhomo pa chigawo cha kumwera chakumadzulo kwa nyanja, komwe madzi ndi osazama kwambiri ndipo nsomba zimachuluka. Madzi otere amakopanso maboti akuluakulu a injini okoka ukonde pansi pa nyanja, omwe asodzi amangowatcha kuti ma trawler. Malamulo amaletsa mabotiwa kusodza m'madzi osafika mamita 18 kuya kwake, komanso kuyandikira gombe kuposa mtunda wa pafupifupi makilomita 2. Asodzi ang'onoang'ono a ku Salima ndi ku Mangochi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ena mwa mabotiwa amalowa m'madzi oletsedwa, makamaka usiku, n'kuwadulira matchera awo. Kugwira khoka pagombe kumafuna anthu ochepa oyenda pansi. Kugwira boti la injini pakati pa nyanja kumafuna boti lina lothamanga, mafuta, ndi wapolisi wokonzeka kulimbana ndi mwini chuma wodziwika. Mlovi akamaona kusiyana kumeneku, lamulo limayamba kumuonekera ngati chilango cha umphawi, ndipo munthu woganiza choncho amadikira mdima kuti akaponye khoka.

Matope ochokera kumtunda

Mdani wina wa nsomba za ku Salima sagwira ukonde n'komwe. Kumpoto kwa Chipoka kuli mathiriro a mtsinje wa Linthipe, umene umasonkhanitsa madzi a ku Dedza ndi a m'chigwa cha Lilongwe. Mtsinje wa Lilongwe, wochokera ku Dzalanyama n'kudutsa pakati pa likulu la dziko, umathira mu Linthipe momwemo. Mvula ikagwa, madzi ake amakhala ofiira, ndipo chikhatho cha matope chimaoneka chitatambalala patali m'nyanja. Dothi limenelo ndi minda ya anthu a kumtunda, magombe a mitsinje olimidwa mpaka m'madzi, ndi mapiri ometedwa mitengo.

Pafupi ndi mathirirowo pali zilumba zitatu za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zilumbazi ndi gawo la Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Chimene chinapatsa pakiyi ulemu umenewu ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake ilipo mazanamazana ndipo ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha pa dziko lonse. Alendo amakwera boti kuchokera ku Senga Bay kukasambira pakati pa tinsombati, ndipo anyamata oyendetsa maboti, ophika ndi osema ziboliboli amapezerapo ndalama. Lamulo limateteza madzi a mamita 100 kuzungulira chilumba chilichonse.

Malire a mamita 100 angathe kuletsa bwato, koma matope amangodutsa. Akatswiri a ntchito yofufuza zamoyo za m'nyanjayi ya SADC ndi GEF, yomwe inali ndi likulu lake ku Senga Bay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti mitsinje yodutsa m'madera olimidwa kwambiri monga Linthipe imatsitsa dothi lochuluka zedi poyerekeza ndi mitsinje ya m'nkhalango. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala. Matope akakuta miyalayo, ndipo kuwala kwa dzuwa kukalephera kulowa m'madzi, chakudya chimachepa. Komanso nsombazi zimazindikirana ndi mtundu wa khungu posankha yoswana nayo, choncho madzi akada, kaswanidwe kamasokonekera. Chambo nacho chimafuna mchenga woyera wokumbapo chisa. Mpasa, nsomba imene imakwera mitsinje monga Linthipe ndi Bua kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono, imapeza malo ake atakwiririka.

Anthu a pa Chipoka safunika kuuzidwa ndi katswiri za mphamvu ya mchenga ndi madzi. Doko lawo la sitima zapamadzi, lomwe lili ndi mwayi wolumikizana ndi njanji komanso msewu waukulu, linakhala zaka zambiri sitima zikulephera kukocheza chifukwa cha kuphwa kwa madzi ndi kuunjikana kwa mchenga. Mu 2024 zinthu zinatembenuka: nyanja inadzaza mpaka kumiza nyumba ndi malo ena ogona alendo m'maboma a m'mphepete mwake. Palibe mlimi wa ku Dedza kapena wootcha makala wa ku Dzalanyama amene amauzidwa kuti aleke ntchito pa 1 Novembala pofuna kuteteza chambo, ngakhale kuti zochita zake zimafika pachisa cha nsombayo.

Njovu za ku Thuma zili m'nkhani yomweyi

Munthu akaima pa Chipoka n'kuyang'ana kumadzulo amaona mapiri. M'mapiri amenewo muli nkhalango yotetezedwa ya Dedza-Salima, ndipo kumpoto kwake kuli ya Thuma, yomwe ili pakati pa mitsinje ya Lilongwe ndi Linthipe. Thuma ndi wa mahekitala pafupifupi 19,700 ndipo anaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1926. Pofika m'zaka za m'ma 1990, opha nyama, odula nsungwi ndi ootcha makala anali atamulowerera kwambiri, ndipo njovu zinali zitathawamo.

Kuyambira mu 1996, bungwe la Wildlife Action Group lakhala likugwira ntchito m'nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango, ndipo pambuyo pake linafikanso ku Dedza-Salima. Njira yake ndi yosadabwitsa: alonda olembedwa kuchokera m'midzi yozungulira, oyendera nkhalango tsiku ndi tsiku, ochotsa misampha ya waya ndi kugumula mauvuni a makala. Lero m'nkhalango ziwirizi muli njovu zoposa 100, pamodzi ndi njati ndi nyama zina. Njovu zitabwerera, zinayamba kuononga minda ndi kuopseza miyoyo ya anthu, ndipo yankho linali mpanda wa magetsi a dzuwa umene wakhala ukutalikitsidwa pang'onopang'ono. Mpandawu ndiwo unapatsa anthu a m'midzi chifukwa chomvera, pakuti anaona chimanga chawo chikufika pokolola.

Mtengo uliwonse woimirira ku Thuma umagwira dothi limene likanakathera pa Maleri. Koma nkhalangozi ndi kachigawo chabe ka dera lonse limene Linthipe amatungamo madzi, ndipo zili pafupi ndi msika waukulu wa makala. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba oimikidwa m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Salima amagulidwa ndi anthu omwe aja amene amaima kugula chambo. Nawonso owamba nsomba m'madoko amafuna nkhuni zambiri. Nyumba zoumitsira nsomba ndi dzuwa komanso mbaula zosatha nkhuni zinayesedwa m'madoko ena a ku Salima ndi ku Mangochi, koma amayi ambiri akuwambabe monga kale chifukwa zipangizozo zimafuna mpamba.

Dongosolo la boma nalo limagawa chinthu chimodzi m'maofesi angapo. Zilumba za Maleri zili m'manja mwa nthambi ya zamapaki ndi nyama zakutchire, Thuma ali m'manja mwa nthambi ya zankhalango, nsomba zili ndi nthambi yake, ndipo ulimi wa m'mbali mwa mitsinje ndi nkhani ya unduna wa zamalimidwe. Madzi a Linthipe amadutsa m'maofesi onsewa osapeza mwini.

Phunziro la pa Mbenji

Chodabwitsa n'chakuti chitsanzo chodziwika kwambiri cha kasamalidwe kabwino ka nsomba m'dziko muno chili m'boma lomweli la Salima. Kumpoto kwa bomali, moyang'anana ndi doko la Chikombe, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu umenewu wakhala ukulamulira usodzi wa pachilumbachi, komwe nsomba yaikulu ndi utaka. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo pamwambo umene umasonkhanitsa asodzi, mafumu ndi akuluakulu a boma. M'miyezi imeneyo palibe amaloledwa kukhala kapena kusodza kumeneko.

Poyamba kutsekaku kunali kopulumutsa anthu ku mphenzi ndi namondwe wa nyengo ya dzinja, komanso kuwapatsa mpata wokalima. Phindu lake pa nsomba linadzaoneka pambuyo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba ndi juga, maukonde oononga ndi oletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Akatswiri a ku yunivesite ya Mzuzu ndi ya Strathclyde ya ku Scotland, amene anafufuza mbiri ndi nsomba za pa Mbenji m'zaka zaposachedwapa, anapeza kuti nsomba za kumeneko ndi zokulirapo poyerekeza ndi za m'madera oyandikana nawo amene amayendera malamulo a boma okha.

Anthu ambiri akamva za Mbenji amathamangira kunena kuti chinsinsi chake ndi miyambo ya makolo ndi mantha a mizimu. Zimenezo zilipo, koma pali zifukwa zina zooneka ndi maso. Choyamba, lamulo la pa Mbenji limagwira aliyense mofanana. Mwini maboti khumi ndi mlovi wake onse amachoka tsiku limodzi ndi kubwerera tsiku limodzi, kotero palibe amene amakhala kumtunda akuonerera mnzake akukokolola nsomba zimene iye wazisiya. Chachiwiri, woweruza ali pafupi. Komiti ya mfumu imakhala pomwepo, imadziwa bwato lililonse, ndipo mlandu umatha msanga osadikira galimoto yochokera ku boma. Chachitatu, malipiro a kudziletsa amaoneka. Chilumba chikatsegulidwa mu Epulo, utaka umaphedwa wambiri, ndipo amene amaupha ndi omwe aja anadikira.

Mbenji ali ndi zake zofunika kuzifunsa. Amayi saloledwa kufika pachilumbachi, lamulo limene ndi lovuta kuligwirizanitsa ndi malamulo a dziko lino okhudza ufulu wa anthu, makamaka poganizira kuti amayi ndiwo ambiri pa malonda a nsomba. Komanso chilumba n'chosavuta kulondera chifukwa chili ndi malire a madzi mbali zonse. Gombe la Chipoka ndi lotseguka, lili pamsewu waukulu, ndipo asodzi ochokera kutali amafika ndi kuchoka mmene afunira. Utaka wa pa Mbenji umakhala mozungulira miyala ya pomwepo, pomwe chambo chimayenda. Kutengera Mbenji monga alili n'kosatheka. Chotheka ndi kutengako mfundo zitatu zija, ndipo pa zonse zitatu, kutseka nyanja kwa boma kumaperewera.

Makomiti opanda bwato

Boma linazindikira kale kuti silingalondere nyanja lokha. Chambo chitatha ku Malombe, mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko otchedwa BVC, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Makomitiwa alipo m'madoko a ku Salima. Bungwe la Ripple Africa, lomwe linayambira ntchito yoteteza nsomba ku Nkhata Bay, linafikanso m'bomali ndi njira yothandiza makomiti kuteteza malo oswanirana nsomba ndi kulanda maukonde oletsedwa potsata malamulo a khonsolo.

Pomwe makomiti ali ndi mfumu yowaikira kumbuyo, zotsatira zimaoneka. Koma membala wa komiti ndi munthu wongodzipereka, wosalipidwa, amene akuyembekezeka kulanda ukonde wa mlamu wake kapena wa munthu amene amamukongoza ndalama. Kafukufuku wa ku Malombe anaonetsa kuti makomiti ena ankakangana ndi mafumu pa nkhani ya mphamvu, makamaka pomwe mafumuwo ankalandira nsomba za ulemu kuchokera kwa asodzi obwera. Ndipo mphamvu ya komiti imathera pomwe bwato lopalasa lingafike.

Ntchito yambiri yolimbikitsa makomitiwa yakhala ikudalira ndalama zakunja. Dziko la America, kudzera ku USAID, linathandiza ntchito ya FISH kuyambira mu 2014, kenaka ya REFRESH kuyambira mu 2019, komanso linali m'gulu la opereka ndalama ku ntchito ya Modern Cooking for Healthy Forests yolimbana ndi makala osaloledwa. Mu 2025 boma la Donald Trump linatseka USAID. Ntchito za mtundu umenewu zikatha, mafuta a boti lolondera ndi ndalama za misonkhano zimathera pomwepo. Pa Mbenji mwambo wadutsa ulamuliro wa atsamunda, wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri, chifukwa sunayambe ndi ndalama za pulojekiti.

Funso la chakudya cha mlovi m'miyezi yotseka lili ndi mayankho amene maiko ena anayesapo. Ku Bangladesh, boma limapereka mpunga wolemera makilogalamu 40 pa mwezi kwa banja la msodzi m'miyezi imene kugwira tiana ta nsomba ya hilsa n'koletsedwa. Dongosololi lili ndi madandaulo ake, monga mayina a anthu osayenera kulowa m'kaundula, koma nsomba za hilsa zogwidwa pa chaka zinachuluka kuposa kawiri pakati pa chiyambi cha zaka za m'ma 2000 ndi chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010. Ku Brazil, asodzi ang'onoang'ono olembetsedwa amalandira malipiro a boma m'nyengo yotseka.

Malawi sangakwanitse kulipira msodzi aliyense, koma sakuyambira pachabe. Pali kale Mtukula Pakhomo, ndiponso ntchito za M'bwezera Chilengedwe zomwe anthu amalipidwa pokumba migula, kubzala mitengo ndi kuteteza magombe a mitsinje. Mayina a olowa m'ntchitozi amadutsa ku khonsolo ya boma, komwenso kuli ofesi ya zausodzi. Khonsolo ya Salima itafuna, ingathe kupempha kuti alovi ndi amayi a m'madoko monga Chipoka aziganiziridwa mwapadera mu Novembala ndi Disembala, ndipo ntchito yawo ikhale ya m'mbali mwa mitsinje yothira m'nyanja ndi yobwezeretsa mabango. Ndalama imodzi ingachotse khoka pamchenga n'kuchepetsanso matope otsikira pamchenga womwewo. Izi zingakhale ndi tanthauzo pokhapokha ngati boti la boma likuonekanso pamadzi usiku, kuti woletsedwa kugombe aone kuti wa injini nayenso waletsedwa.

Wotsala pa mndandandawu ndi wogula. Lamulo limalanga wogwira kasawala, koma mulu wa kasawala sukanafika pamsika pakanapanda woufuna. Galimoto zoima pa M5 mu Novembala ndi Disembala, nyengo ya maukwati, misonkhano ya m'mahotela ndi tchuthi cha Khirisimasi, zimafunsa chambo monga mwa masiku onse, ndipo mtengo wake umakwera chifukwa chasowa. Ndi ochepa amene amafunsa kuti nsombayo yagwidwa ndi chiyani, kapena kuyang'ana ngati yafika kutalika kwa chikhatho ndi theka. Malo odyera alendo a ku Salima angathe kulemba poyera ngati chambo chawo n'choweta kapena cha m'nyanja, ndipo mlendo angathe kusankha kampango, ncheni kapena usipa wofutsa m'miyezi iwiriyo osataya kukoma kwa ulendo wake.

Pa 1 Januwale makoka adzabwerera m'madzi pa Chipoka, mitundu ina ya chambo idakali ndi mazira m'kamwa. Pa nthawi yomweyo pa Mbenji padzakhala pali zii mpaka mu Epulo, ndipo Linthipe adzakhala atafiira ndi dothi la mvula ya dzinja, akulitsanulira moyang'anana ndi zilumba za Maleri.